Funsani Tikuyankheni: Mmene DNA Imakopedwera ndi Mmene Akatswiri Amaiwerengera

Mwezi uno makalata angapo ochokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje akhudza nkhani ya DNA, chinthu cha m'maselo chimene chimasunga malangizo a kapangidwe ka chamoyo, ndipo tasankhapo anayi. Funso loyamba talipatsa malo aakulu chifukwa mayankho enawo atsamira pa yankho lake.

FUNSO: Akonzi, ine ndili Fomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. Aphunzitsi athu anatiuza kuti DNA ili ndi nkhosi ziwiri, koma ikamakopedwa nkhosi imodzi imamangidwa mosadukiza pamene inayo imamangidwa zidutswazidutswa. Ndaloweza zimenezi koma sindikumvetsa chifukwa chake. Bwanji zonse ziwiri sizimangidwa mofanana? — Mtsikana wa Fomu 4, Ngabu

YANKHO: Mwana wanga, wachita bwino kukana kungoloweza, chifukwa chimene chakuimitsa mutuchi chinavutitsanso akatswiri kwa zaka zambiri. Tiyambire pa kapangidwe ka DNA, pakuti yankho lagona pamenepo.

Nkhosi iliyonse ya DNA ndi mndandanda wa tizigawo totchedwa ma nucleotide, ndipo kachigawo kalikonse kali ndi zinthu zitatu: shuga wotchedwa deoxyribose, fosifeti, ndi chimodzi mwa zilembo zinayi, A, T, G ndi C, zomwe mayina ake athunthu ndi adenine, thymine, guanine ndi cytosine. Shuga ndi fosifeti zimalumikizana mosinthanasinthana n'kupanga msana wa nkhosiyo, pamene zilembo zimaloza mkati, kumene zimagwirana ndi zilembo za nkhosi inzake. A imagwirana ndi T basi, ndipo G imagwirana ndi C basi. Erwin Chargaff anali ataona kale cha m'ma 1950 kuti mu DNA ya chamoyo chilichonse chimene anayeza A imachuluka mofanana ndi T, ndipo G mofanana ndi C, koma chifukwa chake chinadziwika mu 1953 pamene James Watson ndi Francis Crick, ali ku Cambridge, anafotokoza kuti DNA ndi nkhosi ziwiri zopotana. Iwo anadalira kwambiri zithunzi za X-ray ndi miyeso ya Rosalind Franklin wa ku King's College, London, amene anamwalira mu 1958, mphotho ya Nobel ya 1962, imene Watson ndi Crick analandira nawo, isanaperekedwe. Dzina lake ulilembe m'kope lako ngakhale buku lanu litalidumpha.

Tsopano gwira mfundo iyi, chifukwa ndiyo mwini nkhani. Shuga uja ali ndi makaboni asanu amene akatswiri anawapatsa manambala. Fosifeti imakhala pa kaboni wachisanu, ndipo pa kaboni wachitatu pali kagulu ka okosijeni ndi haidirojeni, kolembedwa kuti OH, pamene chilembo chotsatira chimadzalumikizidwa. Motero nkhosi iliyonse ili ndi nsonga ziwiri zosiyana, nsonga ya 5 ndi nsonga ya 3, ndipo nkhosi ziwirizo zimagona mopingasana mitu: kumene ina ili ndi nsonga ya 5, inzake ili ndi nsonga ya 3.

Selo likafuna kugawikana, enzyme (puloteni yogwira ntchito inayake m'selo) yotchedwa helicase imalowa pakati pa nkhosizo n'kumazilekanitsa, ndipo mapuloteni ena amagwira nkhosi zolekanazo kuti zisabwererane. Ngati unayesapo kulekanitsa nkhosi za chingwe chomangira ng'ombe pozikokera uku ndi uku, ukudziwa kuti kutsogolo chingwecho chimapotana kwambiri mpaka kuchita mfundo. DNA imachitanso chimodzimodzi, pakuti imazungulira kamodzi pa zilembo pafupifupi 10 zilizonse, ndipo enzyme ina yotchedwa topoisomerase imadula nkhosi, kuilola kuti ipotoloke, kenaka n'kuilumikizanso. Mankhwala a ciprofloxacin amene amaperekedwa m'zipatala zathu amapha mabakiteriya potsekereza ma enzyme a mtundu umenewu m'kati mwa bakiteriyayo.

Imene imamanga nkhosi yatsopano ndi DNA polymerase, yomwe Arthur Kornberg anaipeza koyamba mu 1956 mwa bakiteriya wotchedwa E. coli. Enzyme imeneyi ili ndi malire awiri. Oyamba ndi akuti siingathe kuyamba nkhosi pachabe, koma imangowonjezera pa imene yayambika kale, n'chifukwa chake enzyme ina, primase, imatsogola n'kuika kachidutswa kakafupi koyambirapo ka RNA, chinthu chofanana ndi DNA koma cha nkhosi imodzi. Achiwiri ndi akuti imalumikiza chilembo chatsopano pa nsonga ya 3 yokha. Popeza nkhosi zakale zija zagona mopingasana, pa nkhosi imodzi polymerase imayenda molondola helicase ndipo siimaima, koma pa inayo imakakamizika kuyenda mobwerera, kuchoka pamene nkhosi zikulekanirana. Ikamanga kachidutswa, helicase imakhala itatsegula malo ena kumbuyo kwake, ndiye primase imaikanso poyambira, polymerase n'kumanganso kachidutswa kena. Reiji Okazaki ndi mkazi wake Tsuneko Okazaki, akatswiri a ku Japan, ndiwo anaonetsa tizidutswa timeneti mu 1968. Mwa munthu kachidutswa kalikonse kamakhala ka zilembo 100 mpaka 200, pamene mwa mabakiteriya kamafika 1,000 mpaka 2,000. Pamapeto pake RNA ija imachotsedwa, mipata yake imadzazidwa ndi DNA, ndipo enzyme yotchedwa ligase imalumikiza tizidutswato kuti tikhale nkhosi imodzi.

Mwina ufunsa kuti bwanji palibe polymerase ina yomanga cha kunsonga ya 5 kuti chintchito chonsechi chipeweke. Mphamvu yolumikizira chilembo imabwera ndi chilembo chatsopanocho, chomwe chimafika chitanyamula mafosifeti atatu n'kutaya awiri polumikizidwa. Polymerase ikaika chilembo cholakwika imabwerera pang'ono, kuchidula, n'kuika choyenera, ndipo ntchito imapitirira chifukwa chilembo chotsatira chimabwera ndi mphamvu yakeyake. Nkhosi ikanakhala yomakula cha kunsonga ya 5, mphamvuyo ikanakhala pansonga ya nkhosi yomwe ikukulayo, ndipo kudula chilembo cholakwika kukanachotsa mphamvuyo, ntchito n'kuthera pomwepo. Akatswiri ambiri amaona kuti apa ndi pamene pagona phindu la kumanga zidutswazidutswa: n'kovuta, koma kumalola selo kukonza zolakwa zake. Kukonza kumeneku, pamodzi ndi ma enzyme ena amene amayendera ntchito pambuyo pake, kumachititsa kuti cholakwa chotsalira chikhale chosaposa chilembo chimodzi pa zilembo 1 biliyoni. Ukakumbukira kuti selo limodzi la munthu limasunga DNA yotalika mamita pafupifupi 2 m'timitolo 46 totchedwa ma chromosome, uona kuti kusamala kotereku n'kofunikadi.

FUNSO: Akonzi, ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka zambiri. Ulendo wathawu anandiuza kuchipatala kuti tizirombo tachuluka m'magazi mwanga, ndipo ngati sititsika pakatha miyezi itatu angadzatumize magazi kuti akawerenge kachiromboko n'kuona ngati kasintha. Kodi kachirombo kosaoneka ndi maso amakawerenga bwanji, ndipo kamasintha chifukwa chiyani? — Bambo wina, Nchalo

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi chimene chili m'manja mwanu. Nthawi zambiri tizirombo timachuluka chifukwa mankhwala sanamwedwe tsiku ndi tsiku, ndipo kuno kuchigwa zifukwa zake sizisowa: mashifiti ausiku m'nyengo yodula nzimbe, kapena madzi osefukira amene amathamangitsira anthu kumisasa, mabotolo a mankhwala atatsala m'nyumba. Miyezi itatu imene akupatsaniyo ndi yoti aone ngati kumwa mosadumphitsa kungatsitse tizirombo, ndipo kwa ambiri kumatsitsadi.

Kachirombo ka HIV kamasunga malangizo ake mu RNA ya zilembo pafupifupi 9,700. Kakalowa m'selo la munthu, enzyme yake yotchedwa reverse transcriptase imakopera RNA imeneyo kukhala DNA. Enzyme imeneyi imamanga pa nsonga ya 3 monga polymerase imene tafotokozera mtsikana wa ku Ngabu, koma ilibe luso lobwerera n'kudula chilembo cholakwika, motero imalakwitsa kawirikawiri. Popeza tizirombo tatsopano timapangidwa mamiliyoni ambirimbiri tsiku lililonse mwa munthu amene sakumwa mankhwala, zolakwa zamitundumitundu zimabadwa, ndipo zina mwa izo zimachititsa kuti mankhwala asamagwire. Mankhwala akakhala okwanira m'magazi kachirombo sikakopedwa n'komwe, choncho zolakwazo zilibe pobadwira. Akakhala operewera, tizirombo tosamva mankhwala ndi timene timapulumuka n'kuswana.

Mwa mankhwala atatu amene ali m'mbulu umene anthu ambiri akumwa m'Malawi muno kuyambira mu 2019, awiri, tenofovir ndi lamivudine, ndi zilembo zabodza. Amafanana ndi zilembo zenizeni moti enzyme ya kachirombo imawatola n'kuwalumikiza, koma alibe kagulu ka OH kaja kolumikizirapo chilembo chotsatira, ndiye nkhosi imathera pomwepo. Wachitatu, dolutegravir, amatsekereza enzyme ina imene imalowetsa DNA ya kachirombo mu DNA ya munthu.

Njira yakale yowerengera DNA, imene ikugwirabe ntchito yaikulu poyeza ngati HIV yasiya kumva mankhwala, imadalira msampha womwewo. Anaitulukira ndi Frederick Sanger ku Cambridge mu 1977, ndipo inamupezetsa mphotho yake yachiwiri ya Nobel mu 1980. Magazi anu, kaya ali m'kabotolo kaya ndi madontho ouma pakapepala, akafika kulabotale, RNA ya kachirombo imasandutsidwa DNA, kenaka chigawo chimene akufuna kuwerenga chimachulukitsidwa ndi njira ya PCR, imene Kary Mullis anaiganiza mu 1983. Makina amatenthetsa DNA kufika madigiri pafupifupi 95 kuti nkhosi zilekane, amaiziziritsa kuti tizidutswa toyambira tigwire, ndipo polymerase imamanga. Akabwereza zimenezi maulendo 30, chidutswa chimodzi chimatha kufika makope pafupifupi 1 biliyoni. Polymerase yopirira kutentha koteroko inachokera mwa bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, wa mu akasupe otentha a ku Yellowstone ku America.

Kenaka makopewo amasakanizidwa ndi polymerase, zilembo zenizeni zambiri, ndi zilembo zochepa zopanda OH zomwe zapakidwa utoto wowala, chilembo chilichonse ndi mtundu wake. Kope lililonse limakula mpaka litatola chilembo choimitsa, ena msanga, ena mochedwa, moti pamapeto pamakhala zidutswa za utali uliwonse, chilichonse chili ndi utoto wa chilembo chake chomaliza. Zidutswazo zimakokedwa ndi magetsi kudzera m'kachubu kagalasi kowonda kwambiri, zifupizifupi zimatsogola, ndipo kuwala kwa laser kumaona utoto wa chilichonse pamene chikudutsa. Pa kompyuta katswiri amaona timapiri totsatizana, tobiriwira pa A, tofiira pa T, tabuluu pa C ndi takuda pa G, zilembo mazana angapo mpaka pafupifupi 1,000 paulendo umodzi. Amayang'ana malo odziwika kale. Mwachitsanzo, pamalo a nambala 184 a reverse transcriptase payenera kukhala ATG, koma pakapezeka GTG ndiye kuti lamivudine wafooka mphamvu pa kachiromboko. Njirayi imalephera kuona tizirombo tosintha ngati tili tochepera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a tizirombo tonse, ndipo munthu akasiya mankhwala tizirombo tosinthato timaphimbidwa ndi tinzake. Choncho musaleke kumwa mankhwala podikira kutengedwa magazi.

FUNSO: Akonzi, mwana wathu wachiwiri anamupeza ndi matenda a sickle cell. Abale a bambo ake akuti matendawa achokera kumtundu kwathu, popeza kwawo sanawaonepo. Kodi zimenezi n'zoona? — Mayi wodandaula, Bangula

YANKHO: Mayi, pepani ndi matendawo, koma mlanduwo suli wanu nokha, ndipotu si mlandu n'komwe. Matendawa amachokera pa chilembo chimodzi cha pa chromosome 11, m'chigawo cha DNA chimene chimalangiza kapangidwe ka hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Pamene payenera kukhala GAG pamakhala GTG, ndipo zimenezi zimasintha kachigawo kamodzi ka puloteniyo, glutamic acid n'kukhala valine, monga anaonetsera Vernon Ingram m'zaka za 1956 ndi 1957. Mpweya ukachepa, hemoglobin yoteroyo imamatana n'kupinda maselo ofiira, amene amatseka timitsempha n'kubweretsa ululu.

Mwana amalandira chromosome 11 imodzi kwa mayi ndi ina kwa bambo, ndipo pafupifupi nthawi zonse amadwala pokhapokha zonse ziwiri zikakhala ndi vuto. Amene ali ndi imodzi yokha yosinthika sadwala, n'chifukwa chake chilembocho chimatha kuyenda mibadwo ingapo m'banja popanda wochiona. Makolo onse awiri akakhala nacho, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana adwale, ndipo mimba yapitayo siisintha kanthu pa yotsatira. Anthony Allison anaonetsa mu 1954 kuti onyamula chilembo chimodzi amatetezeka ku malungo aakulu, n'chifukwa chake chimapezeka kwambiri m'madera a malungo. Apempheni bambo a mwanayo kuti mupite nonse kukafunsa za kuyezetsa magazi, pakuti zimenezi zimaoneka poyeza hemoglobin, popanda kuwerenga DNA. Mwanayo azigona m'masikito, azimwa madzi ambiri makamaka m'chilimwe, ndipo akatentha thupi muzithamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.

FUNSO: Akonzi, pa katemera wa poliyo wa khomo ndi khomo mu 2022, anthu ankatifunsa kuti akuluakulu anadziwa bwanji kuti kachirombo kamene kanapezeka ku Lilongwe kanachokera ku Pakistan, ndipo ife tinalibe yankho. Komanso ndamva kuti kuli makina owerengera DNA okwana m'dzanja. Kodi angagwire ntchito kuno kwathu? — Mlangizi wa zaumoyo, Makhanga

YANKHO: Alangizi, funso limene anthu ankakufunsanilo linali lanzeru. Kachirombo ka poliyo nako kamasunga malangizo ake mu RNA ndipo enzyme yake yokopera siikonza zolakwa, motero kamasintha pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, pafupifupi chilembo chimodzi pa 100 chaka chilichonse m'chigawo chotchedwa VP1, chomwe chili ndi zilembo pafupifupi 900. Malabotale a padziko lonse amasunga zimene anawerenga pa tizirombo ta poliyo topezeka m'mayiko osiyanasiyana. Kamene kanalengezedwa m'Malawi mu February 2022 katawerengedwa, zilembo zake zinafanana kwambiri ndi za tizirombo timene tinkazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Popeza kachiromboko kanachokera kunja, Africa sinalandidwe chiphaso chimene inalandira mu 2020 chotsimikiza kuti poliyo wachilengedwe (wild polio), amene ndi wa mtundu umenewu, anatha kuno. Kuwerenga komweko kunaonetsa kuti odwala amene anapezeka pambuyo pake m'chigawo cha Tete ku Mozambique, chomwe tayandikana nacho, anali ndi kachirombo ka mzere womwewo.

Za makina, pali njira ziwiri zatsopano zimene zatchuka. Ya kampani ya Illumina ikadali pa nsonga ya 3 yomwe ija, koma chotsekera chake n'chochotseka. Tizidutswa ta DNA mamiliyoni ambiri timamatidwa pagalasi, polymerase imaika chilembo chimodzi chautoto pa kalikonse n'kuima, kamera imajambula, kenaka mankhwala amachotsa utoto ndi chotsekera kuti chilembo china chilowe. Kachidutswa kalikonse kamawerengedwa zilembo zochepa, kawirikawiri 150, ndipo kompyuta ndiyo imalumikiza zonsezo. Ntchito yoyamba yowerenga DNA ya munthu, zilembo zoposa 3 biliyoni, inatenga kuyambira 1990 mpaka 2003 ndipo inadya madola pafupifupi 3 biliyoni, koma lero makina otere amaigwira m'masiku ochepa pa mtengo wosafika madola 1,000.

Amene mwamvawo ndi MinION, a kampani ya Oxford Nanopore, amene anayamba kuperekedwa kwa akatswiri mu 2014 ndipo mu 2015 anagwira ntchito yowerenga kachirombo ka Ebola ku Guinea. Awa sadalira kukopa. Nkhosi imodzi ya DNA imadutsa pa kabowo kakang'ono ka puloteni, enzyme ina ikuilowetsa pang'onopang'ono, zilembo pafupifupi 400 pa sekondi, ndipo zilembo zosiyana zimasokoneza mosiyana mphamvu ya magetsi imene ikudutsa pabowopo. Amawerenga zidutswa zazitali kwambiri ndipo amalumikizidwa ku laputopu, ngakhale kuti pa chilembo chimodzichimodzi amalakwitsako kuposa a Illumina.

Angagwire ntchito kuno, koma ife tikuona kuti makinawo ndiwo mbali yosavuta. Mankhwala ake ndi tizipangizo tokhala ndi timabowo tija zimafuna kusungidwa pozizira, pamene kuchigwa kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 mu October ndi November, ndipo magetsi akathima firiji imafunda msanga. Pamafunikanso munthu wophunzira kutulutsa DNA mosaipitsa ndi kumasulira zimene kompyuta yatulutsa. Pa nkhani ya poliyo, mbali imene ili m'manja mwanu ndiyo imayambira zonse: mwana wosafika zaka 15 akalobodoka miyendo kapena manja mwadzidzidzi, chimbudzi chake chitengedwe kawiri, motalikirana maola osachepera 24, pasanathe masiku 14 chiyambire kufookako, ndipo chiyende m'bokosi lozizira kuti chikafike kulabotale pasanathe maola 72. Chikafunda panjira, monga zimatha kuchitikira msewu ukaduka ndi madzi a Ruo kapena Shire, kachirombo kamawonongeka ndipo kulabotale kumakhala kovuta kukapeza.